Kuseri kwa nyumba kopanda maso a anthu: mmene ndinabzalira mpanda wamoyo ndi maluwa

Titangolowa m'nyumba yathu ku Area 25 mu Lilongwe, kuseri kunali mbee. Kunali dothi lofiira, zidutswa za njerwa zotsala pomanga, ndi dzenje lomwe anyamata ankaponderamo matope, basi. Ukakhala pakhonde la kukhitchini n'kumasenda mbatata, aliyense wodutsa m'kanjira ka kuchigayo ankadziwa chomwe mudye tsikulo. Ukamatuluka m'bafa yapanja utamanga chitenje m'chifuwa, maso ako ankaphana ndi a anyamata okhala pa wokala ya tsidya la msewu. Ndalama zomangira mpanda wa njerwa tinalibe, zonse zinali zitathera ku malata ndi simenti. Lero munthu akhoza kugona pamphasa kuseriko masana onse popanda womuona, ndipo mu Okutobala, pomwe mzinda wonse uli fumbi lokhalokha, kwathu kumakhala kuli psuu ndi maluwa. Pa mpandawo njerwa sitinaikepo ndi imodzi yomwe.

Musayambe ndi kugula mbande. Yambani ndi mpando. Utengeni mukaukhazike pamalo aliwonse omwe mumakhalapo tsiku ndi tsiku: pophikira, pochapira, pakhomo pa bafa, pomwe mumayala mphasa madzulo. Mutakhala pansi choncho, tumani mwana ayende m'malire a puloti atanyamula nsungwi yotalika mamita 2, ndipo paliponse pomwe mukuona msewu, zenera la aneba kapena khomo la wokala, muuzeni aime akhomepo chikhomo. Ine ndinkaganiza kuti ndiyenera kutseka malire onse, omwe kwathu ndi mamita 100 kuzungulira. Nditachita zimenezi ndinapeza kuti maso amalowera malo atatu okha, ndipo onse pamodzi sankapitirira mamita 25. Kwinako kunali kotchingidwa kale ndi khoma la nyumba ya aneba komanso nyumba yathu yomwe. Mphamvu zanga zonse za chaka choyamba zinapita pa malo atatuwo.

Pampando pomwepo mudzaona chinthu china chimene ambiri sachiganizira. Chotchinga chikakhala pafupi ndi inu chimabisa zambiri kuposa chomwe chili kutali. Ikani dzanja pafupi ndi maso, mubisa phiri la Nkhoma lonse. Chitsamba cha mamita 2 chobzalidwa mapazi ochepa kuchokera pomwe mumakhala chimatseka zenera la nyumba yosanja, lomwe mutati mulitsekere kumalire mungafunike mtengo wa mamita 5 ndi zaka zambiri zodikira. Choncho bafa yathu ndinaitchingira pafupi pomwepo, ndi zitsamba zinayi zokha za hibiscus, ndipo nkhani ya bafa inathera pompo mvula yachiwiri isanathe.

Muonenso dzuwa. Kuno kwathu mu Juni ndi Julaye dzuwa limayenda chakumpoto, ndiye mthunzi wa chilichonse umagwera kummwera. Mukaika mitengo yaitali kumpoto kwa chingwe choyanikira zovala kapena kwa kadimba ka masamba, nyengo yozizira yonse zovala sizidzauma ndipo mpiru udzangotalika uli wowonda. Mbali yofunika mthunzi weniweni ndi yakumadzulo, komwe dzuwa la Okutobala limawotcha khoma kuyambira 2 koloko masana mpaka kulowa, chipinda n'kukhala ng'anjo usiku wonse. Ndipo mvula yamphamvu ikagwa, tulukani ndi ambulera muone komwe madzi a padenga akuthamangira ndi pomwe akuima. Podikha madzi mudzabzalapo nthochi. Bougainvillea, duwa laminga lija la mitundu yowala, pamenepo amafa.

Musanakumbe, pitani kwa aneba. Ine ndinapita ndi kambale ka mtedza, ndipo titalonjerana ndinati, "Amayi, ndikufuna ndibzale mpanda m'malire muno, ndiye ndati muone nawo pomwe chingwe chidutse." Tinafunafuna mabikoni limodzi, n'kukoka chingwe onse akuona. Mpanda ndinaubzala masentimita 50 m'kati mwa puloti yanga, chifukwa chomera chimanenepa, ndipo nthambi ikalowa kwa mnzako imasanduka mlandu. Yang'ananinso kumwamba ndi pansi. Kunsi kwa mawaya a ESCOM musaikeko mtengo wotalika, ndipo mudziwe pomwe padutsa paipi ya madzi, pomwe pali thanki ya chimbudzi ndi dzenje lake lomwera madzi. Mizu imanunkhiza chinyontho kutali, ikalowa m'paipi mudzafukula bwalo lonse.

Nthawi yobzala ndi nkhani yomwe ndimakangana nayo ndi anthu chaka ndi chaka. Chizimalupsa chikangogwa kumapeto kwa Okutobala, fungo la dothi limakopa, ndipo anthu amathamangira kwa ogulitsa maluwa a m'mbali mwa msewu. Pambuyo pake limabwera dzuwa la masabata awiri kapena atatu, mbande zonse n'kupserera. Dikirani mvula ikhazikike, dothi linyowe mpaka pansi. Nyengo yobzala mitengo ya dziko lino imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, koma ine ndimati kuno ku Lilongwe bzalani pakati pa Khrisimasi ndi kumapeto kwa Januwale. Chomwe mwabzala mu Malichi chimapeza mvula ikutsazika, mizu isanapite patali, ndipo chidzadalira keni yanu mpaka Novembala. Miyezi ya Okutobala ndi Novembala ndi yokumba, osati yobzala.

Pa mpanda musakumbe timaenje tating'onoting'ono. Kumbani ngalande imodzi yaitali, masentimita 40 m'lifupi ndi 40 kuya kwake. Dothi lapamwamba lakuda liunjikeni mbali imodzi, katondo wapansi mbali ina. Pa puloti yongomangidwa kumene mudzafukula zambiri: zibulumwa za simenti, misomali, mapepala a matumba, mabotolo. Chotsani zonse, makamaka simenti, chifukwa pomwe ankasakanizirapo konkire chomera chimachita chikasu n'kupinimbira. Pobwezera, sakanizani dothi lapamwamba lija ndi manyowa owola bwino, ndowa imodzi pa mita iliyonse. Manyowa owola sanunkha ndipo satentha ukapisamo dzanja. Zitosi za nkhuku zongochotsa m'khola zimawotcha mizu, zisiyeni pamulu miyezi itatu kaye. Mitengo imafuna dzenje lakelake, masentimita 60 mbali zonse ndi kuya komwe. Katondo wa ku Lilongwe mu Okutobala ndi wolimba ngati mwala, khasu limangodumpha. Thirani ndowa ya madzi madzulo pomwe mukumbe mawa, ndipo mubwereke piki.

Mpanda wamoyo umatenga zaka ziwiri kapena zitatu kuti utseke, ndipo munthu sungakhale pambalambanda nthawi yonseyo. Chaka choyamba ndinaimika mpanda wa tsekera pa malo atatu aja, ndipo kutsogolo kwake ndinabzala nandolo, mbewu zitatu paphando, mapando otalikirana masentimita 60. Pofika Epulo nandolo anali atandipitirira msinkhu, ali ndi maluwa achikasu, njuchi zili ng'waa, ndipo mu Julaye tinkathyola ndiwo. Patsekerapo ndinayanzikapo nkhungudzu, yomwe maluwa ake ndi apepo, ndi chinkhupule cha maluwa akuluakulu achikasu. Zinkhupule zosambira chaka chimenecho sitinagule. Chenjezo ndi limodzi: zoyangazi zisakwere pa mbande za mpanda weniweni, ndipo nandolo akhale kutali nazo ndi mita imodzi, kuti asaziphimbe dzuwa. Tsekera amatha zaka ziwiri chiswe chisanamumalize, ndipo pofika pamenepo mpanda wamoyo umakhala utafika m'chiuno kapena m'chifuwa.

Mpanda wanga weniweni ndi wa duranta, chitsamba chija mumachiona chodulidwa bwino pa masukulu ndi pa maofesi. Alipo wamasamba achikasu ndi wamasamba obiriwira. Wachikasu ndi wokongola koma amakula pang'onopang'ono ndipo pamthunzi chikasucho chimazilala. Wobiriwira amathamanga, amafika mamita 2 mosavuta, ali ndi timinga, ndipo mukamusiya amatulutsa timaluwa tapepo ndi tizipatso taolenji. Tizipatsoti n'tapoizoni, ana asadye, ndipo mpanda wodulidwa kawirikawiri subereka zambiri. Kumsewu ndinaika wobiriwira, wachikasu ndinamusungira m'mbali mwa kanjira ka m'bwalo. Mbande sindinagule. Aneba ena akudulira mpanda wawo mu Ogasiti ndinapempha nthambi, n'kuzidula masentimita 20, kuchotsa masamba am'munsi, n'kuzizika m'mapaketi a shuga ndi a mkaka obowola pansi, momwe ndinathiramo dothi losakaniza ndi mchenga. Ndinaziika pamthunzi kuseri kwa khitchini n'kumathirira m'mawa uliwonse. Pofika Khrisimasi zambiri zinali ndi mizu yotulukira pansi pa mapaketi. Pobzala ndinatalikitsa masentimita 30, ndipo pomwe ndinkafuna potseka zedi ndinaika mizere iwiri, mbande za mzere wachiwiri zikuyang'ana pa mipata ya mzere woyamba.

Pa kadulidwe ndi pomwe mipanda yambiri imalephera, ndipo ine ndinalakwitsa mbali ya kumsewu. Ndinkafuna utalike msanga, ndiye ndinausiya osaukhudza chaka chathunthu. Unatalikadi, koma m'munsi munali miyendo yokhayokha, nkhuku ndi agalu zikulowa mmene zifunira, wodutsa akawerama pang'ono akuona bwalo lonse. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Mbande ikangogwira n'kufika masentimita 40, iduleni nsonga itsale 25. Mtima umawawa, koma pomwe mwadulapo pamatuluka nthambi ziwiri kapena zitatu. Zikakula masentimita 20 enanso, dulaninso theka. Mukatero mpanda umakwera ngati khoma, wothithikana kuyambira pansi. Mbali ya kumsewu ija ndinachita kuidula yonse kufika m'mawondo chaka chachiwiri kuti iyambirenso. Podula, m'munsi muzikhala motambalala, kumwamba kocheperako, kuti dzuwa lizifika ku masamba apansi. Anyamata ambiri aganyu amadula mozondoka, kumwamba kwakukulu ngati ambulera, ndiye muziimapo n'kuwaonetsa. Chikwanje chimaphwanya nthambi, gulani sizasi yaikulu yodulira mpanda ndipo muziinola. Nthawi ya mvula ndimadula mwezi uliwonse, m'chilimwe kamodzi pa miyezi iwiri kapena itatu.

Pali zomera zitatu zimene sindingakulangizeni ngakhale wina akupatseni ulere. Nkhadze timaidziwa tonse, kumudzi ndiyo inkazinga makola ndi manda, ndipo imapirira chilala kuposa china chilichonse. Koma utomoni wake woyera uja ukalowa m'maso munthu amavutika koopsa, ena mpaka kuwonongeka maso, ndipo pakhomo pa ana osewera mpira sindingaike. Lantana, wa timaluwa tosakanikira tapinki ndi tachikasu, mbalame zimamwaza njere zake paliponse, walanda kale malo ambiri odyetsera ziweto, ndipo masamba ake amadwalitsa ng'ombe. Oleander, wa masamba aatali osongoka ndi maluwa apinki kapena oyera, ndi poizoni kuyambira tsamba mpaka muzu, ngakhale utsi wa nkhuni zake.

Pomwe mpanda wa mamita 2 sukwanira, monga moyang'anana ndi nyumba yosanja, mufunika mtengo wotalika koma wosatambalala. Mtengo wa ashoka, wochokera ku India, uja woongoka ngati mzati wa masamba olendewera, ndiwo umagwira ntchito imeneyi. Suyoyola masamba m'chilimwe ndipo sutenga malo. Ndinabzala isanu motalikirana mita imodzi ndi theka, ndipo zaka ziwiri zoyamba inafuna madzi sabata iliyonse ya chilimwe. Mandimu nawonso ndi abwino, amakhala obiriwira chaka chonse, satalika mopitirira, ndipo maluwa ake amanunkhira bwalo lonse. Nsungwi zimatseka msanga ndipo zimalira bwino kukamawomba mwera, koma zimafuna malo, phata lake limakula chaka ndi chaka, ndipo m'chilimwe zimathothola masamba ambiri. Ziikeni pakona yakutali, mamita 3 kapena kuposa kuchokera pa khoma lililonse. Cham'mwamba bzalani chifukwa cha ndiwo, n'kumachidula pa msinkhu wa munthu kuti masamba muziwafikira, koma mthunzi wake ndi wopyapyala, sichibisa kanthu. Bulugama ndi malaina ndi mitengo ya kumunda, pa puloti ya m'tauni imamwa madzi onse ndipo mizu yake imang'amba maziko. Mango ndi mapeyala tonse timawakonda, koma kambande kamene kali m'chubu lero kadzatambalala mamita 10. Ine mango ndinaika umodzi wokha, wolumikiza, kukona yakumadzulo, mamita 8 kuchokera pa nyumba, ndipo ndiwo umatiteteza ku dzuwa la masana.

Tsopano za maonekedwe. Kuyambira Disembala mpaka Epulo simufunika luso, chilichonse chimabiriwira, ngakhale chisoso cha kudzala chimachita maluwa. Bwalo limayesedwa kuyambira Meyi mpaka Novembala, miyezi yomwe mvula kulibe. Choncho posankha duwa ndimafunsa funso limodzi: mu Okutobala lidzaoneka bwanji? Ogulitsa maluwa amakuonetsani zomwe zikuwala tsiku limenelo, zothiriridwa kawiri patsiku m'mphepete mwa mtsinje. Inu yendani m'dera lanu m'chilimwe muone zomwe zikuchita maluwa pa makomo omwe palibe wothirira. Zimenezo ndiye zanu.

Mfumu ya chilimwe ndi bougainvillea. Kwawo ndi ku South America, koma dothi lathu ndi dzuwa lathu anazilandira ngati kwawo. Zofiira, zapepo kapena zaolenji zomwe timazitcha maluwa zija kwenikweni ndi masamba opyapyala ngati pepala, duwa lenileni ndi kanthu kakang'ono koyera kali pakati. Chinsinsi chake n'chakuti amachita maluwa akamva ludzu. Mukamuthirira tsiku ndi tsiku n'kumuthira manyowa ambiri, adzakupatsani masamba obiriwira ndi minga basi. Mchemwali wanga anadandaula zaka zitatu kuti wake sachita maluwa, ndipo nditapita ndinapeza ali pafupi ndi mpopi, pomwe ana amatsukira mbale. Muikeni pa dzuwa la tsiku lonse, pamalo okwera osadikha madzi, mumuthirire chaka choyamba chokha, kenako mumuiwale. Mizu yake ndi yosachedwa kuthothoka, ndiye pobzala ng'ambani chubu ndi lezala m'mbali, musamuzule, dothi lisagumuke. Ngati mukudzipangira mbande, sankhani nthambi zokhwima zonenepa ngati pensulo, ndipo zikani zambiri chifukwa sizigwira zonse. Yekha sakwera, amafuna chomutsamira. Ine ndinaimika mapaipi achitsulo anayi, n'kukoka mawaya atatu, n'kumamangirira nthambi chopingasa ndi nsanza za chitenje. Nthambi yogonekedwa chopingasa imatulutsa mphukira m'litali mwake monse, ndiye mpata umatsekeka msanga ndipo maluwa amachuluka. Motalikirana mamita 2 n'kokwanira. Minga yake ndi yoopsa, zomwe ndi zabwino kumalire a kumsewu koma zoipa pafupi ndi khomo kapena posewerera ana. Mudulireni maluwa akatha, chakumayambiriro kwa mvula, mutavala magolovesi, ndipo nthambi zodulazo muziwotche, musazitaye pomwe anthu amayenda opanda nsapato.

Miyezi yozizira ili ndi maluwa akeake. Poinsettia, chitsamba cha masamba ofiira kunsonga, yemwe kumaiko a azungu amamugula pa Khrisimasi, kuno amafiira kuyambira Meyi mpaka Julaye, chifukwa chomwe chimamufiiritsa ndi kutalika kwa usiku. Pachifukwa chomwecho musamubzale pansi pa getsi la panja loyaka usiku wonse, adzangokhala wobiriwira. Mumudule kwambiri akamaliza kufiira, apo ayi amasanduka ndodo zazitali za masamba kunsonga kokha. Utomoni wake nawo usakhudze maso. Nthawi yomweyo mitundu ya alovera imatulutsa ngala zofiira ndi zaolenji, ndipo timbalame ta milomo yaitali toyamwa timadzi ta maluwa timabwera m'mawa uliwonse. Amenewa safuna madzi n'komwe, ndinawaika pamulu wa zidutswa za njerwa zija zinatsala pomanga. Deliya wa maluwa achikasu amachita bwino mvula ikamatha ndipo masamba ake ndi manyowa abwino, koma amafalikira, ndiye ndimamudula njere zisanakhwime. Kukayamba kutentha, muwale umayaka maluwa ofiira pa nthambi zopanda tsamba. Ndi mtengo wathu wa konkuno, umagwira mukangozika chinthambi chachikulu, ndipo ndikanakhala ndi puloti yaikulu ndikanabzala itatu. Jakaranda amene amakongoletsa misewu ya Lilongwe ndi Blantyre mu Seputembala ndi Okutobala ndimakamuonera kumsewu komweko, pakhomo ndi wamkulu kwambiri. M'malo mwake ndili ndi frangipani, kamtengo ka maluwa onunkhira, pafupi ndi pomwe timakhala madzulo. Nthambi yake mukaidula muisiye pamthunzi sabata imodzi bala liume musanaizike, ikapanda kutero imawola.

Poyala mitundu, cholakwika chomwe ndimachiona kawirikawiri n'kugula duwa limodzi la mtundu uliwonse n'kuwandandalika ngati ana a sukulu pa mzere. Patali sizioneka kanthu. Mtundu umodzi ubzaleni pagulu, zitatu kapena zisanu pamodzi, kuti diso likafika lipume. Kumbuyo kukhale zazitali zobiriwira, pakati zofika m'chiuno monga hibiscus ndi canna, kutsogolo zazifupi monga marigold, amene mukangobzala kamodzi amadzimerera okha chaka chilichonse. Dzuwa lathu ndi lamphamvu, mitundu yofuwa imaoneka yotuwa masana, pomwe yofiira, yaolenji ndi yapepo imalimba. Komanso kumbukirani kuti dothi lathu ndi lofiira kale, ndipo duwa lofiira pa dothi lofiira limasowa, limafuna masamba obiriwira kumbuyo kwake. Pomwe mumakhala madzulo ikanipo zoyera. Kukamada, zofiira zonse zimazimirira, koma duwa loyera limaonekabe mpaka usiku, makamaka kukakhala mwezi.

Madzi a mpopi ndi odula ndipo m'chilimwe amavuta, choncho bwalo langa limamwa madzi omwe agwira kale ntchito. Otsukira mpunga, masamba ndi mbatata amapita ku hibiscus. Otsukuluzira zovala ndi a kubafa amayenda m'kangalande kupita ku nthochi ndi canna, zomwe zimakonda chinyontho ndipo zimabisa dzala. Madzi a Jik, amchere ndi amafuta ambiri sapita ku chomera chilichonse. Kuzungulira chomera chilichonse ndimaumba kabeseni ka dothi, ndipo ndimathirira madzulo, ndowa yathunthu kamodzi kapena kawiri pa sabata. Kuwaza pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku kumaphunzitsa mizu kukhala pamwamba, ndipo tsiku lomwe mpopi wauma chomeracho chimafota. Pamwamba ndimaphimbira ndi udzu wouma, masamba kapena makoko a mtedza. Anthu amaopa kuti zophimbira zimaitana chiswe. Chiswe chilipo kale m'dothi, ndipo chimakonda zouma ndi chomera chofooka. Chikapeza udzu wouma chimatanganidwa nawo. Chofunika n'chakuti zophimbirazo zisakhudze tsinde, musiye mpata wa chikhato chimodzi, ndipo pampatapo muziwazapo phulusa la pa mbaula. Hibiscus amagwidwa ndi nsabwe ndi kodikodi kunsonga. Ndimasinja masamba a nimu, kuwaviika m'ndowa usiku wonse, kusefa, kuikamo kasopo pang'ono n'kuwaza madzulo.

Pansi pabwalo pali nkhani yomwe ndinasiyana maganizo ndi amayi anga. Kwa iwo khomo laulemu ndi losesedwa mbee m'mawa uliwonse, mizere ya tsache ikuoneka. Koma tsache limachotsa dothi pang'onopang'ono, mvula n'kumaliza, ndipo pakatha zaka mumaona maziko a nyumba ali pamtunda, mizu ya mitengo ili poyera. Tinagwirizana pakati. Malo ophikira ndi oyala mphasa ndinayalapo njerwa zotsala, amenewo timasesa. Pakati ndinabzala kapinga, timizu totengedwa m'mbali mwa msewu n'kuzikidwa motalikirana chikhato chimodzi mu Januwale. M'chilimwe amauma n'kuchita khaki, sindimuthirira, ndipo mvula yoyamba ikagwa amadzuka. Muzimudulira m'mphepete ndi khasu chifukwa amalowerera m'maluwa. Kumunsi kwa puloti, komwe madzi ankakokolola dothi kupita kwa aneba, ndinaika mzere umodzi wa udzu wa vetiva, ndipo ngalande yomwe inkayamba kukumbika inadzaza yokha.

Mbande zazing'ono adani ake ndi mbuzi ndi nkhuku. Mbuzi za m'dera lathu zimadya hibiscus ngati ndiwo, ndiye chilichonse cha kumsewu ndinachizinga ndi nthambi zaminga mpaka chitakula. Nkhuku zimapalasa zophimbira n'kufukula mizu, koma mukayala miyala kapena zidutswa za njerwa kuzungulira tsinde zimagwa ulesi. Za njoka ndi udzudzu anthu amandifunsa kawirikawiri. Kuzungulira nyumba ndinasiya mpata wa mita imodzi wopanda chitsamba, pansi pa mpanda ndimachotsa zinyalala kuti ndizionapo, ndipo nthambi sizikhudza mazenera kapena denga. Udzudzu umaswana m'madzi oima, choncho chitini, tayala kapena mphika uliwonse wosunga madzi a mvula uzibowoledwa kapena kuvundikiridwa. Neti timagonamo monga mwa nthawi zonse.

Ngati muli pa lendi, zambiri mwa izi mukhoza kuchita m'zotengera, n'kudzasamuka nazo. Ndowa zothyoka, zigubu za malita 20 zodula pakamwa ndi matumba a simenti otsuka bwino zimasunga duranta, hibiscus ngakhale bougainvillea, amene akapanikizika mizu m'chigubu amachita maluwa kwambiri. Bowolani pansi, ikani timiyala, kenako dothi losakaniza ndi mchenga ndi manyowa. Zigubu zisanu zondandalika m'mphepete mwa khonde, ndi waya wokokedwa kuchokera pa mzati wina kufika pa wina kuti magalagadeya ayangepo, zimatchinga khonde lonse pa nyengo imodzi ya mvula. Za m'zigubu zimauma msanga, ndiye mu Okutobala zimafuna madzi pafupifupi tsiku lililonse, ndipo chigubu chakuda muchikulunge ndi chiguduli kuti dzuwa lisaphike mizu. Musanakhome msomali pa khoma kapena kukumba pabwalo, kambiranani ndi eni nyumba.

Ngati mukuwerenga izi m'chilimwe, ntchito ya sabata ino ndi yochepa. Khazikani mpando uja, khomani zikhomo, yambani kusunga mapaketi a shuga, ndipo mukamva sizasi ikulira pa mpanda wa aneba, pitani ndi thumba mukapemphe nthambi zisanafote. Zizikeni tsiku lomwelo, ndipo muzike zopitirira zomwe mukufuna, kuti pomwe mbande yafa mu Febuluwale mudzakhale ndi yobwezerapo ya msinkhu womwewo.